Tsitsa voliyumu mphwanga, timve ngati nyimbo ilipo

Abale anga a mumsika, sabata ino ndalowerera nkhani ya anyamata a masitudiyo. Musafulumire kutsegula tsamba lina n'kumati izi n'za oyimba, ife a tomato ndi kaunjika sizikutikhudza. Zikukukhudzani, ndipo zikukhudza thumba lanu lenilenilo.

Taonani m'mene misika yathu yasinthira. Ku Limbe, ku Ndirande, kwa Tsoka ku Lilongwe, ku Mzuzu, wogulitsa mankhwala a mphemvu sakuumanso kukhosi ndi kukuwa. Wangoika kasipika pa benchi, fulashi m'kati, mau akudzibwereza okha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mwini wake ali phee kuwerenga chenji. Wa mafoni chimodzimodzi, wa nsapato chimodzimodzi. Ambiri mwa mau amenewo amakajambulitsa ku situdiyo, ndipo kumeneko sajambula ulere. Onjezanipo amayi a kwaya amene amasonkha za geni yawo miyezi ndi miyezi kuti atulutse chimbale, komanso makolo amene mwana wawavuta mpaka amugulira zipangizo ati akhale pulojusa. Ndalama za mumsika zimene zikuthera m'tizipinda ta nyimbo ta m'makwalalamu si zochepa ayi.

Ndiye dandaulo limene ndikulimva kawirikawiri ndi ili. Ku situdiyo zinthu zinkagunda mpaka malata kunjenjemera, bwana anakhutira, analipira, koma atafika nazo pa benchi mau ake ali ngati a munthu wodwala malungo, osamveka ngakhale kwa woyandikana naye. Ena zawo n'zosiyana: mau ngokwera ndithu koma osasa, ong'ambika ngati wailesi yogwera m'madzi. Wina amati sipika yanga ndiyo yoipa, n'kukagula ina. Wina amafika poganizira mnzake wa benchi yoyandikana kuti wamuyendera kwa asing'anga. Ayi amangwetu, musadane ndi anansi popanda chifukwa. Mlandu uli pa batani limodzi lalikulu, lopotokola, la pa kabokosi kamene mnyamata wa situdiyo uja amangokhalira kukagwiragwira.

Tiyambe ndi kabokosiko. M'zaka za m'ma 1990, nthawi ya makaseti, munthu wofuna kujambula nyimbo ankakwera basi, kaya ulendo wa ku Balaka ku situdiyo ya IY ya a Paul Banda, kaya ku MBC, ndipo kumeneko ankapeza chimakina cha mabatani ambirimbiri ndi munthu amene anachizolowera. Lero situdiyo ndi laputopu, maikolofoni imodzi, masipika awiri ndi kabokosi kosaposa njerwa. Eni ake amakatcha audio interface, anyamata athu amangoti saundikadi. Ntchito zake ndi ziwiri. Kamatenga mau ochokera pa maikolofoni kapena gitala n'kuwasandutsa manambala oti kompyuta isunge, ndiponso kamatenga manambala a m'kompyuta n'kuwasandutsanso mau oti atuluke m'masipika ndi m'mahedifoni. Timene mungatione kawirikawiri ndi tofiira tija totchedwa Scarlett, ta kampani ya Focusrite ya ku Britain, timene tinayamba kutuluka mu 2011, ndi ta Behringer, kampani imene inayambira ku Germany mu 1989, timene anthu amatikonda chifukwa mtengo wake ngotsikirako.

Pa kabokosika pali mabatani opotokola a mitundu iwiri, ndipo nkhani yonse yagona pa kusiyanitsa mitundu iwiriyi. Pali ang'onoang'ono, oyandikana ndi polowetsa chingwe cha maikolofoni, olembedwa Gain. Palinso lalikulu lija, limene pa timabokosi tina lalembedwa Monitor, pa tina Output. La Gain ndi la zolowa: limalamula kuchuluka kwa mau amene akulowa m'kompyuta, ndipo chimene lachita chimakhala chajambulidwa basi. Lalikululo ndi la zotuluka. Limangolamula m'mene inu amene mwakhala m'chipindamo mukumvera. Mulipotokole mpaka kumapeto makoma agwedezeke, kapena mulitsitse mpaka zii, nyimbo imene ili m'kompyuta siisintha ngakhale pang'ono. Batani limeneli n'la khutu, si la nyimbo. Mukanyamula fulashi yanu kupita nayo kumsika, batani lija limatsala pa tebulo la mwini situdiyo, ndipo kugunda konse kumene kunakusangalatsani kuja kumatsala nalo pomwepo.

Mwaona tsono pamene pabisala kalulu? Batani lalikulu likakhala pamwamba, chilichonse chimamveka champhamvu, ndiye mnyamata saona chifukwa chokwezera mau m'kati mwa nyimbo yeniyeniyo. Amakupatsani chinthu chofooka iye akukhulupirira kuti waphika. Sikuti wakuberani dala, nayenso wanamizidwa ndi sipika yake yomwe.

Nanga mau ong'ambika aja? Amenewo amabwera chonchi. Woyimba wavala mahedifoni, akuti, "Amwene, sindikudzimva, takwezani pang'ono." Choyenera kukweza pamenepo ndi voliyumu ya mahedifoni, kapena kutsitsako zing'wenyeng'wenye kuti mau aonekere. Koma dzanja la mnyamata limathamangira pa Gain. Woyimba adzimva ndithu, akondwa, koma zolowa m'kompyuta zasefukira. Inu ogulitsa chimanga mukudziwa, ndowa ikadzadza yadzadza, mukapitiriza kuthira chinacho chikungotayikira pansi. Kompyuta nayo ili ndi mlomo wa ndowa, pamene pa mita yake palembedwa 0. Mau akafuna kupitirira pamenepo amadulidwa mutu, ndiko kusasa mumakumva kuja. Kusiyana kwake n'kwakuti chimanga mutha kutola pansi n'kupeta, koma mau odulidwa mutu kuwabwezeretsa ndi ntchito ya kalavula gaga, ndipo sabwereranso mwakale. Pa Scarlett anaika kanyali kozungulira batani la Gain: kakamaonetsa mtundu wobiriwira zili bwino, kakafiira ndiye kuti ndowa yasefukira. Pa Behringer pali kanyali kolembedwa Clip, ntchito yake ndi yomweyo. Odziwa ntchito amasiya mpata, mau okwera kwambiri azifika cha pa -12 kapena -10 pa mita, kuti woyimba akatengeka mtima pa kolasi pasatayike kanthu. Makina a masiku ano ojambula pa 24-bit savutika ndi mau olowa motsikirako. Kukweza pambuyo n'kosavuta, kusoka zong'ambika ndiye kovuta.

Inu amayi a kwaya, tsiku lojambula muike mmodzi wa inu pafupi ndi tebulo, ntchito yake ikhale yoyang'ana kanyali kameneko. Sizifuna sukulu. Amene amadziwa kusiyanitsa tomato wakupsa ndi wamuwisi angathe.

Koma n'chifukwa chiyani anyamatawa amakonda kukweza chonchi? Ena n'chibwana, ena akufuna kuti mudzi wonse udziwe kuti pano pali situdiyo. Komabe palinso chifukwa cha chibadwa. Khutu la munthu si sikelo yoongoka. Mu 1933 akatswiri awiri a ku Bell Labs ku America, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, atayeza makutu a anthu anapeza kuti mau akakhala otsika, khutu limamva bwino apakatikati okha, a msinkhu wa kulankhula kwa munthu, koma besi silimumva kwenikweni. Mukakweza, besi amatulukira, nyimbo n'kumveka yonona. Choncho nyimbo yomweyomweyo, osasintha kanthu, ikangokwezedwa pang'ono aliyense amati iyi ndiye yabwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Andale anazitulukira kalekale zimenezi, n'chifukwa chake pa kampeni amabwera ndi lole yodzadza masipika. Lonjezo lopanda kanthu likadutsa m'chinkuzamau limamveka ngati lili ndi mnofu. Kamupezeni mawa lake mwini lonjezoyo alinene chapansipansi, mudzandiuza.

Inu mumadziwa kuti sikelo imene lero ikuti kilo, mawa ikuti kilo ndi theka pa nyama yomweyo, si yochitira geni, ndipo a Malawi Bureau of Standards sangaivomereze. Batani la Monitor ndiye sikelo ya mu situdiyo. Mnyamata amene akulikweza ndi kulitsitsa mphindi iliyonse akupima ndi sikelo yosinthasintha. Akamati mau akwana, akwana poyerekeza ndi chiyani? Mankhwala ake safuna ngakhale tambala imodzi. Asankhe nyimbo yojambulidwa bwino imene akuidziwa ngati dzina lake, aiike, apotokole batani mpaka pamene akumva zonse bwinobwino koma akutha kucheza ndi mnzake osakuwa. Pamenepo aike chizindikiro ndi penti ya m'zikhadabo kapena kachidutswa ka selotepi. Ntchito yonse izichitikira pamenepo. Nyimbo yake ikamveka yofooka batani lili pa chizindikiro, ndiye kuti ndi yofookadi, akonze m'kompyutamo. Kukweza sindikuletsa, koma kukhale kwa mphindi imodzi kapena ziwiri pofuna kumva ngati besi wakhala bwino, kenaka n'kubwerera pa chizindikiro. Ndipo masipika akhale pafupi, mkono umodzi ndi theka kuchokera pamene wakhala, molunjika makutu. Sipika ikakhala pafupi siifuna kukwezedwa, komanso umamva nyimbo m'malo momva kulira kwa malata ndi magalasi a pawindo.

Asapitirirenso mbali inayi n'kuyamba kufinya nyimbo kuti ikwere kuposa za anzake onse. YouTube ndi Spotify zimatsitsa zokha nyimbo zokwera mopitirira kuti zifanane ndi zinzake, ndiye wofinyayo amangotsala ndi nyimbo yopanda mpweya, kukwera kuja eni ake atamulanda.

Tsono pali china chimene chimazunguza mitu ngakhale ya anyamata ochenjera. Wagula saundikadi, walumikiza, watsegula FL Studio kapena Cubase, nyimbo ikulira. Akufuna kutsitsa, apita pa kasipika kaja ka pakona ya Windows, atsitsa mpaka pa 0, nyimbo ikungolirabe ngati palibe chachitika. Basi mtima wam'pweteka, ati andigulitsa chakufa, ulendo kwa wogulitsa kukayambana. Inu ogulitsa zamagetsi tcherani khutu apa kuti mudziwe choyankha. Kabokosi kalibe mlandu. Mapulogalamu ojambulira nyimbo pa Windows amadalira dalaivala wotchedwa ASIO. Musaganize za wa minibasi, uyu ndi kapulogalamu kolumikiza kompyuta ndi kabokosi, ndipo njira yake anaiyambitsa ndi a Steinberg a ku Hamburg, eni ake a Cubase omwewo. Komabe fanizo la minibasi likugwira. Mau a pa YouTube kapena a kanema amayenda pa msewu wa Windows, kuima siteji iliyonse, ndipo voliyumu ya pakona ija ndi imodzi mwa masitejiwo. ASIO ndi ekisipulesi, amanyamuka mu pulogalamu n'kukatsitsira pa kabokosi osaima pena paliponse, cholinga mau asachedwe. Ndiye mungaimitse bwanji galimoto imene siidutsa pa siteji yanu? Pa makompyuta a Apple zimaoneka mwina: ukalumikiza timabokosi tambiri totere, mabatani a voliyumu a pa kiyibodi amangoti gwaa, osagwira ntchito. Uku n'kukuuza kuti voliyumu yasamuka, ikukhala pa kabokosi tsopano.

Poona kuti Windows yakana, ena amathamangira pa Master wa mu pulogalamu, chotsetsereka chija cholamula nyimbo yonse. Apa ndiye pali dzenje. Master si wa khutu, ndi wa nyimbo. Ukamutsitsa chifukwa mwana wagona kapena a landilodi agogoda, n'kutulutsa nyimbo osamubwezera, kasitomala amanyamula chinthu chonong'ona. Ukamukweza chifukwa sukumva bwino, wasefukiritsa ndowa ija potulukira. Master akhale pa 0 pamene munamupeza, phokoso la m'chipinda lilamulidwe ndi dzanja pa batani lalikulu.

Masipika a mu situdiyo nawo ali ndi kabatani kawo kumbuyo. Choncho pa paipi imodzi pali mipopi itatu kapena inayi: wa Windows, wa pulogalamu yoyimbira nyimbo, wa kabokosi, ndi wa sipika. Khalidwe labwino n'lakuti dzanja lizigwira umodzi wokha. Ya m'kompyuta itsegulidwe yonse, chifukwa ukaitseka kwambiri n'kumakwezera ku sipika, umakweza pamodzi ndi kaphokoso ka makina, kaja kamati sssss nyimbo ikatha. Wa kumbuyo kwa sipika uikidwe potsikirako, masipika onse awiri mofanana, kenaka uiwalike. Mudziwa kuti mwaika bwino ngati chizindikiro chanu cha penti chagwera cha pakati. Ngati mukangolikhudza pang'ono batani lalikulu nyumba ikugwa, ndiye kuti masipika mwawatsegula mopitirira. Paja mabatani otchipa ali ndi khalidwe loti kumunsi kwenikweniko sagawa mofanana, sipika imodzi imalira kuposa inzake, mnyamata n'kumavutika kukonza nyimbo imene ilibe vuto. Koma musanatsegule ya m'kompyutayo, batani lalikulu litsike kaye mpaka pansi. Timabelu ta Windows tija, tolira uthenga ukafika, tizimitseni, chifukwa kamodzi kokha kolira mwadzidzidzi m'mahedifoni n'kokwanira kumulumphitsa munthu pa mpando. Magetsi akathima, zimitsani masipika musanayambe kudandaula. Masipika ndi oyamba kuzimitsa ndipo ndi omaliza kuyatsa, kupewa kugunda kuja kwa phu! kumene kumabwera zinthu zikamayaka.

Palinso kabatani kodina kolembedwa Direct Monitor. Mau akalowa m'kompyuta n'kubwereranso ku mahedifoni amatenga kanthawi. Kompyuta imanyamula mau m'timitolo, ndipo mtolo ukakula kuchedwa kumakulanso. Mtolo wa 1024, pa liwiro la 44,100 pa sekondi limene ndi la pa CD, umadya mamilisekondi pafupifupi 23 ulendo wopita wokha, wobwerera tisanawerenge. Wa 128 umadya atatu okha, koma umalemetsa laputopu yofooka mpaka kumachita chibwibwi. Milisekondi ndi kagawo kamodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, mwina mukuti n'zachabechabe, koma woyimba akamadzimva mochedwa chotero amasokonezeka ngati munthu amene mwana wamwano akumubwereza mau pambuyo. Direct Monitor imadutsitsa mau kuchokera pa maikolofoni kupita ku khutu mosadikira kompyuta, kuchedwa n'kutheratu. Koma mukaiyatsa, uzani pulogalamu isiye kubweza mau omwewo, apo bii woyimba adzimva kawiri, ngati akuyimbira mu mgolo.

Ndipo pojambula mau, masipika atonthole. M'masitudiyo ambiri amene ine ndalowamo, woyimba ndi wojambula ali m'chipinda chimodzi. Sipika ikalira maikolofoni imatola n'kubwezera ku sipika, mpaka kulira kuja kwa tswii kumene mumakudziwa ku misonkhano ya chipani ndi ku maukwati. Ngakhale kusalire, zing'wenyeng'wenye zimalowerera m'mau ndipo sizichokamonso. Apa ndi pamene ogula ayenera kutsegula maso. Scarlett 2i2 ili ndi mabatani awiri osiyana, la masipika ndi la mahedifoni, moti utha kutontholetsa masipika woyimba akumvabe. Scarlett Solo yakale, mpaka ya m'badwo wachitatu imene inatuluka mu 2019, ili ndi limodzi lolamula zonse ziwiri, ndipo lapadera la mahedifoni analionjezera pa ya m'badwo wachinayi ya 2023. Behringer UM2 ndi UMC22 nazo zili ndi limodzi, pamene UMC202HD ili ndi awiri. Sindikuti za batani limodzi n'zoipa, zimajambula bwinobwino, koma mwini wake azolowere kuzimitsa masipika nthawi iliyonse yojambula mau. Inu amene mumakaoda katundu ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, ndi inu bambo amene mukugulira mwana, werengani mabatani musanatulutse ndalama. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, sindikuona amene ali ndi zogulira kabokosi kawiri.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa nkhaniyi. M'kati mwa khutu muli kachiwalo konga chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo ta tiubweya pafupifupi 16,000 timene timatola mau. Phokoso likachuluka timatopa, likapitirira timafa, ndipo tikafa sitiphukanso ngati bonongwe. Akatswiri a zaumoyo wa anthu pantchito a bungwe la NIOSH ku America amati m'phokoso la madesibelo 85 munthu asakhalemo kupitirira maola 8 pa tsiku, ndipo pa madesibelo atatu alionse oonjezera nthawiyo idulidwe pakati. Werengani nokha, paja inu masamu ndiye ndiwo zanu: 88 maola anayi, 91 maola awiri, 94 ola limodzi, 100 mphindi 15 zokha. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti wamkulu womvera m'mahedifoni asapitirire madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo mu 2015 linachenjeza kuti achinyamata oposa biliyoni imodzi ali pa chiopsezo choonongeka makutu chifukwa cha mahedifoni ndi malo azisangalalo aphokoso. Mita yoyezera mulibe, ndikudziwa. Koma ngati mnzanu waima potalika mkono umodzi ndipo mukuchita kukuwa kuti akumveni, dziwani kuti mwafika kale cha pa 85 kapena kupitirira apo.

Choipa china n'chakuti khutu likatopa limagontha pang'ono, mwini wake n'kuona ngati nyimbo yatsika. Akweza. Patapita ola akwezanso. Pofika usiku batani lili kumapeto, iye osadziwa kuti lafikako bwanji. Penti ya m'zikhadabo ija imathandizanso apa. Ukaona kuti pa chizindikiro sipakukwananso, lofunika kusuntha si batani, ndi iwe mphwanga, tuluka panja ukapume. Akamapita kukagona namamva nyenje ikulira m'khutu chonsecho kunja kulibe nyenje, limenelo ndi belu loyamba. Oyamba kutha amakhala mau akumwamba, aja amasiyanitsa s ndi f, moti munthu amamva kuti anthu akulankhula koma osatola chimene akunena, makamaka pagulu. Tangoganizani pulojusa wotero. Poti iye zakumwamba sakuzimva, amazionjezera, nyimbo n'kumatuluka yolasa m'makutu mwa ena onse, makasitomala n'kumuthawa iye osadziwa chifukwa chake. Pete Townshend, woyimba gitala wa The Who, gulu la ku Britain limene linatchuka ndi phokoso la pa siteji, analemba kuti chimene chinaononga makutu ake ndi mahedifoni a mu situdiyo. Akulu anati ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika. Ya gule amaikunganso ndi chikopa china, koma timaselo tija palibe sitolo imene imagulitsa.

Musaseke anyamatawa ngati inu zakupitani pambali. Kasipika kanu kaja kali pa benchi, mkono umodzi kuchokera pa khutu lanu, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, mwana ali kumsana naye akumva zomwezo. Mnzanu akakweza inunso mukweza, wachitatu akweza kuposa nonse awiri, mapeto ake kasitomala sakumva aliyense, akungodutsa atakwinya nkhope. Ufulu wolankhula tinauvotera pa 14 June 1993, zoona, koma posankha paja panali nyali ndi tambala wakuda basi, chinkuzamau panalibe. Lozetsani sipika kumene kukuchokera anthu, ndipo muitalikitse ndi mutu wanu. Pabwalo popanda makoma, mukawirikiza kawiri mtunda wa pakati pa inu ndi sipika, phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6, ndipo pa masamu a NIOSH aja ndiye kuti nthawi imene khutu lanu lingapirire yachuluka kanayi. Chingwe chachitali ndi msomali wokolekera pa mtengo sizidya phindu la tsiku. Amene mwayamba kale kumva nyenje, kapena ana akudandaula kuti wailesi mumaikweza kwambiri, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli mbali yoyeza makutu, ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ku Area 47. Kayezetseni, mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndiye tsiku limene mukukatenga mau anu ku situdiyo, chitani chonchi. Mnyamata akakuikirani mokweza, mulekeni akondwe mpaka ithe. Kenaka nenani mwaulemu, "Mphwanga, tatsitsa batani lalikululo, timve chapansipansi." Atsitse mpaka zimveke ngati wailesi ya kwa aneba. Mvetserani ngati dzina la katundu, mtengo wake ndi pamene mukupezeka zikumvekabe. Ngati zing'wenyeng'wenye zameza mtengo, mau akwezedwe m'kompyuta, dzanja lisapite pa batani. Kenaka aike nyimbo ina yodziwika osakhudza batani, muyerekeze. Yanu ikakhala yotsikiratu, ntchito siinathe. Mnyamata wodziwa ntchito sakwiya nazo zimenezi, ena amayamba ndi iwo kukupemphani kuti mumvereko pa foni.

Kasipika kanu ka kumsika kapite nanu m'chikwama. Kameneko kalibe besi, ndipo tambiri totere timasakaniza za kumanja ndi za kumanzere n'kutulutsira pakamwa pamodzi, choncho kukoma kwa pa masipika awiri aakulu sikukutsimikizirani kanthu. Ikani fulashi m'kasipikako, tulukani nako panja pamene pali phokoso la msewu, muime mapazi khumi. Mukamva mtengo ndi dzina la katundu bwinobwino, bwererani m'nyumba mukapereke ndalama yotsala. Mukapanda kumva, ndalamayo ibwerere pa mfundo ya chitenje, mnyamata akhalenso pa mpando.